Ntchito yokonza malo ojambulira filimu, ndiyambire pati?

Kalipentala wa ku Ndirande:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwezi watha anyamata ena ojambula filimu yaifupi anandipempha kuti chipinda changa ndichisandutse nyumba ya agogo ya m'ma 1990. Ndinabwereka wailesi ya mabatire, koloboyi ndi mphasa yothetheka m'mbali. Khoma ndinalipaka tiyi wozizira kuti lioneke lakalekale. Nditaonera filimuyo mtima unandigunda, mpaka lero sindikuiwala. Kodi ntchitoyi munthu n'kudyerapo?

Mayi a Chisomo:
Achimwene, zimene munachitazo ndi ntchito ya production designer. Iye amawerenga script yonse (nkhani yolembedwa ya filimu), n'kukhala pansi ndi dayilekitala kugwirizana mitundu, zipinda ndi katundu yense, kenako amatsogolera akalipentala ndi openta. Hannah Beachler, yemwe amagwira ntchito imeneyi, analandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu, mu 2019 chifukwa cha filimu ya Black Panther, munthu wakuda woyamba kupambana pa gawoli. Yambani kuphunzira kujambula pulani papepala.

Wakamera:
Za tiyizo mwandisangalatsa. Khoma loyera mbee limatizunza ife, limabweza kuwala nkhope ya munthu n'kuda. Chinanso, muzijambula pafoni chipinda chonse musanaweruke. Ine tsiku lina wina anasuntha ndowa usiku, m'mawa tinabwereza zonse chifukwa zithunzi sizinkagwirizana.

Malume Phiri:
Ukalipentala usausiye msanga, mphwanga. Kuno mafilimu amabwera mwa apo ndi apo. Yamba ndi mavidiyo a nyimbo ndi otsatsa malonda, ndipo usunge zithunzi za ntchito iliyonse.

Kalipentala wa ku Ndirande:
Zikomo nonse. Mayi, pulaniyo ndiyambe ndi pensulo kapena pakompyuta?