Ndalama za mjigo ndi ulendo wa ku Gulupu: zokambirana za gulu lathu la ku Namwera

Mlembi wa gulu:
Abale ndi alongo, komiti yandituma kuti ndiike nkhaniyi pano kuti aliyense apereke maganizo ake tisanavote Loweruka. Monga mukudziwa, ndalama zimene takhala tikusonkha chaka chino ndi zokonzetsera mjigo wa pasukulu ya pulayimale kwathu. Tsopano pabwera pempho lakuti gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamazo lipatulidwe kuti tiyambitse thumba lothandiza mabanja amene ana awo akulandira mankhwala a khansa ku Blantyre. Pempholi labwera chifukwa cha banja lina la m'mudzi mwathu, limene mwana wawo wa Sitandade 2 wapezeka ndi khansa yotchedwa Burkitt lymphoma ndipo akuthandizidwa kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amachitcha Gulupu. Makolo ake avomera kuti tikambirane, koma apempha kuti dzina ndi chithunzi cha mwanayo zisaikidwe pano.

Msungichuma:
Zikomo alembi. Ine ndikumva chisoni ndi banjali monga wina aliyense, koma udindo umene munandipatsa ukundikakamiza kukumbutsa kuti anthu anasonkha atauzidwa kuti ndalamazo ndi za mjigo, ndipo amisiri tinapangana nawo kale. Ana ambiri pasukulupo akutunga madzi kumtsinje, pamene tonse tikukumbukira mmene kolera inavutitsira boma la Mangochi mu 2022 ndi 2023. Tikachotsa ndalama lero chifukwa cha banja limodzi, mawa kudzabwera banja lina ndi vuto lake, ndipo sindikudziwa kuti tidzalikana ndi mawu otani. Komanso ndimamva kuti m'zipatala za boma chithandizo ndi chaulere.

Namwino wopuma pantchito, ku Zomba:
Amayi a chuma anena zoona kuti mankhwala ndi aulere, koma ndikupempha kuti mundilole nditalikitse pang'ono, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Khansa ya Burkitt ndi imene imapezeka kwambiri mwa ana kuno ku Malawi, makamaka m'madera amene malungo ndi ochuluka ngati kwathu kuno. Kawirikawiri imayamba ngati chotupa cha pansagwada kapena cha m'mimba, ndipo makolo ambiri amayamba aganiza kuti ndi dzino. Imakula mofulumira kwambiri, koma ndi imodzi mwa khansa zimene zimamva mankhwala msanga. Mwana akalandira diripi yoyamba, chotupacho chimaphwa m'masiku ochepa, makolo n'kuona ngati wachira, pamene matenda akadali m'thupi. Mankhwalawa amaperekedwa m'zigawo, ndipo mwana amayenera kupezeka kuwodi pa tsiku limene madokotala alemba.

Tsono taganizirani ulendo wake. Kuchokera kumudzi munthu akwere kabaza kukafika pa Namwera, atsike mapiri mpaka ku boma, kenako akwere minibasi yodzera ku Liwonde ndi ku Zomba, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kuchokera pa boma kukafika ku Blantyre. Alipire mwana ndi gadiyani, kupita ndi kubwerera, osati kamodzi kokha. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito, ana amene ankandipweteka mtima kwambiri sanali amene mankhwala anakanika, koma amene anasiyira panjira chifukwa cha thiransipoti, n'kudzabwera patapita miyezi chotupa chitabwereranso, mankhwala aja osagwiranso ntchito monga poyamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko olemera ana oposa 80 mwa ana 100 alionse odwala khansa amachira, pamene m'mayiko ambiri osauka ochira safika 30, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake ndi kusiyira chithandizo panjira kumeneku.

Membala wa ku Johannesburg:
Anamwino, mwatitsegula maso. Komabe ndifunse mosabisa, poti ife a kuno ku Joni timangomva za patelefoni. Tinamva kuti akuchimuna ankafuna kumutulutsa mwanayo m'chipatala kuti apite naye kwa asing'anga, ati anachita kulodzedwa, ndiponso kuti ena ankati mapemphero okha ndi okwanira. Ngati zili choncho, kodi ndalama zathu zidzapitadi ku ulendo wa ku Gulupu?

Shehe wa pamzikiti wa kumudzi:
Mtendere ukhale nanu nonse. Achimwene a ku Joni, nkhani imene mwamvayo inalipodi, koma inatha, ndipo sibwino kuti tiziibwereza pagulu ngati mlandu. Agogo ake a mwanayo anachita mantha ataona tsitsi likuthothoka ndi mwana akusanza, ndipo anaganiza kuti mankhwala akumuonjezera matenda. Tinakhala nawo pansi pamodzi ndi mwinimbumba, amalume ake a mwanayo, ndipo tinawafotokozera zimene madokotala ananena, kuti zimenezo zimachitika ndi mankhwala amenewa ndipo tsitsi limameranso. Chipembedzo chathu chimatilamula kufunafuna mankhwala ndi kuyedzamira kwa Mulungu, zonse ziwiri pamodzi. Lachisanu lililonse timamuchitira duwa mwanayu, ndipo sadaka imene Asilamu apereka ndi imene yawafikitsa ku Blantyre kufikira lero. Koma ino ndi nyengo imene nkhokwe zambiri zapepuka, ndipo anthu omwewo sangasonkhe mlungu ndi mlungu.

Mtsogoleri wa limana la Akatolika:
Ndikuchitira umboni zimene anena a Shehe. Banjali ndi lachisilamu, koma amayi a m'limana lathu ndi amene akusinthana ndi amayi a dawa kuphikira ana atatu otsala pakhomo, ndipo achinyamata a mbali zonse ziwiri anapalira munda wawo. Bambo ake a mwanayo anagulitsa mbuzi zawo ndipo anatsala pang'ono kugulitsa njinga imene amachitira kabaza, imene ndi yokhayo imabweretsa ndalama pakhomopo. Mayi ake akabwerako ku Blantyre amanena kuti chimene chimawalimbitsa mtima kuwodi ndi amayi anzawo ochokera ku Nsanje, ku Mulanje ndi kwina, amene amagawana ufa ndi nkhuni kukhitchini ya magadiyani ndipo madzulo aliyense amapemphera monga mwa chipembedzo chake. Manja ndi mapemphero tili nazo ndipo sitidzatopa nazo. Chimene chikutisowa ndi ndalama ya minibasi pa tsiku loikika.

Msungichuma:
Ndamva, ndipo sindikutsutsa kufunika kwake. Chimene ndikukana ndi kukhudza ndalama za mjigo popanda chilolezo cha amene anasonkha. Ngati gulu likufuna thumba limeneli, likhale lapadera, ndi buku lakelake, ndipo lisatchedwe ndi dzina la banja lililonse. Ndalama zisaperekedwe m'manja nthawi imodzi, koma zizitumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, titaona tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala.

Namwino wopuma pantchito, ku Zomba:
Malamulo amenewo ndi abwino, koma muonjezepo ndalama yapadera ya mwadzidzidzi. Mankhwala a khansa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, choncho mwana akatentha thupi ali kunyumba sayenera kudikira kuti kuche kapena kuti komiti ikumane. Ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo gadiyani anene pofika pomwe kuti mwanayo ali pa mankhwala a khansa.

Membala wa ku Johannesburg:
Pepani a Shehe ngati funso langa linalasa. Ndalankhula ndi anzanga a kuno, ndipo tagwirizana kuti ngati thumba likhala lapadera monga anenera amayi a chuma, ife tidzaonjezera pa chopereka chathu cha pamwezi. Koma sitikufuna kuti mjigo uchedwe, chifukwa ana athunso amaphunzira pasukulu yomweyo.

Wapampando:
Zikomo nonse. Loweruka tidzavota pa mfundo ziwiri: kubwereka ku ndalama za mjigo n'kudzabweza pakutha pa miyezi itatu, kapena kuyambitsa thumba latsopano osakhudza mjigo. Ineyo ndikupendekera ku mfundo yachiwiri, ngakhale ndikuopa kuti thumba latsopano limachedwa kudzaza. Pakali pano pali vuto limene silingadikire voti: mwanayu akufunika kuwodi Lolemba m'mawa. Ngati alipo amene akupita ku Blantyre ndi galimoto Lamulungu, kapena wa ku Ndirande, ku Chitawira kapena ku Zingwangwa amene angawasunge mayi ndi mwana usiku umodzi, alembere alembi kumbali lero lisanathe.