Mnyamata wanga waima pa 80 kg, ndimupumitse bwanji?

Kochi Mavuto (Ndirande): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pa jimu yathu pali mnyamata amene benchi yake (kukankha chitsulo atagona chagada) yaima pa 80 kg, phewa likumuwawa ndipo usiku sakugona bwino. Amabwera tsiku lililonse kupatula Lamlungu, masana amapalasa kabaza. Ndikamuuza kuti apume, akuti minofu iphwa.

Kochi Chikondi (Area 25): Achimwene, kabazayo ndi masewera kale. Munthu wanyamula anthu tsiku lonse, madzulo alowenso pansi pa chitsulo, thupi likonza liti zomwe zawonongeka? Minofu imakula munthu akatuluka mu jimu. Ntchito yomanga imapitirira maola 24 mpaka 48 atanyamula, ndiye chifuwa chomwecho kuchimenya m'mawa mwake n'kusokoneza omanga.

Mayi Nabanda (Zomba): Za kuphwazo mumuuze izi. Ku Japan, Ogasawara ndi anzake anatulutsa kafukufuku mu 2013. Gulu lina linachita benchi masabata 24 osalekeza, lina linkachita masabata 6 n'kupuma 3. Pomaliza minofu inakula mofanana. Kupuma sabata imodzi sikungamulande chilichonse. Koma phewalo likundidetsa nkhawa. Ngati likubaya akakweza mkono, apite kuchipatala akaliwone a physio (akatswiri othandiza ovulala minofu ndi mafupa), isakhale nkhani ya ife makochi.

Kochi Mavuto: Mayi, vuto lina n'lakuti kuno anthu amalipira patsiku. Ndikamuuza akhale kunyumba, abwana aziti ndikuthamangitsa makasitomala.

Bambo Phiri (Mzuzu): Mphwanga, musamuthamangitse. Azibwerabe, koma sabata ino mudule maseti (seti ndi kukankha kangapo motsatizana asanapume) ndi theka, chitsulo chikhale chopepukirapo, asafike polephera kukankha. Ndiyo deload imene timanena ija, ndipo ambirife timaiika pakatha masabata 4 mpaka 8. Akamaliza, benchi kawiri pasabata basi, Lolemba ndi Lachinayi. Masiku enawo msana, mimba ndi kuwongola thupi. Miyendo kamodzi n'kokwanira kwa wa kabaza. Abwanawo muwauze kuti kasitomala wovulala phewa sabwera n'komwe.

Kochi Chikondi: Onaninso mmene akupumira pakati pa maseti. Anyamatawa amathamangira, mphindi imodzi isanathe wagona kale pa benchi. Pa zolemera adikire mphindi 2 kapena 3.

Mayi Nabanda: Nanga akudya chiyani? Munthu wa thupi lolemera 70 kg amafunika mapuloteni okwana magalamu 110 patsiku. Dzira limodzi lili ndi 6 okha, choncho usipa, nyemba, soya ndi mtedza zisamasowe m'mbale. Tulo maola 7 kupita m'mwamba. Akamadzuka 4 koloko kukadikira makasitomala pa siteji, azigona 9 koloko, foni pansi.

Kochi Mavuto: Zamveka. Mawa ndimutumiza kuchipatala kaye za phewa. Akamulola, tiyamba ndi 60 kg maseti awiri, ndipo ndizilemba m'kope tulo ndi kulemera kwake. Ndikuuzani kumapeto kwa mwezi.

Bambo Phiri: Mulembenso kugunda kwa mtima wake m'mawa akangodzuka. Kukakhala kokwera masiku angapo motsatizana, tsiku limenelo asagwire chitsulo.