Bala laling'ono, buku la kuchipatala palibe: tiwabaye katemera wa kafumbata kapena ayi?

MA (medical assistant, wothandizira dokotala) wa ku Ntchisi:
Abale, ndithandizeni maganizo. Kwabwera bambo a zaka 46, anapondera chidutswa cha botolo kuseri kwa nyumba yawo dzana. Bala lili kuchidendene, pakamwa pake n'paling'ono koma lalowa mkati ndithu. Akazi awo anathirapo phulusa n'kumanga ndi kansalu. Buku la kuchipatala alibe, za katemera sakumbukira kalikonse. Iwo akungofuna panado ndi bandeji, akuti "si chitsulo cha dzimbiri, ndi galasi chabe". Td (katemera wa kafumbata) amene ali mufiriji ndi wa amayi a sikelo. Ndiwabaye?

Namwino wa ku Dedza:
Achimwene, kuseri kwa nyumbako kuli khola?

MA wa ku Ntchisi:
Lilipo la mbuzi. Amapita kukatsegula m'mamawa, osavala nsapato.

Namwino wa ku Dedza:
Ndiye musatayenso nthawi. Za dzimbirizo zinatizolowera tonse, koma dzimbiri palokha silidwalitsa kafumbata. Kachilomboka, Clostridium tetani, kamakhala m'dothi ndi m'ndowe za ziweto, ndipo kamakonda bala lakuya lotsekeka pamwamba, mosafika mpweya. Bala lalikulu lotuluka magazi ambiri munthu amathamanga nalo kuchipatala. Lotipha ndi ili lomwe amati "kang'onong'ono", n'kulitseka ndi phulusa.

CO (clinical officer) wa ku Zomba:
Asisi anena zoona. Yambani ndi balalo, jakisoni pambuyo. Tsukani ndi saline (madzi a mchere a kuchipatala) wambiri, chotsani phulusa lonse ndi minofu yakufa, mufufuzenso ngati mwatsalira kagalasi. Musasoke. Pa katemera ndimayendera izi: amene anamaliza katemera wake, bala loyera timabwereza ngati padutsa zaka 10, bala lakuda ngati padutsa zaka 5. Amene sadziwa timamuwerengera ngati sanalandirepo. Bambo anuwo bala ndi lakuda, mbiri palibe, choncho Td lero lomwe, komanso akufunika TIG (antitoxin, mankhwala olimbana ndi poizoni wa kafumbata) 250 IU. Ikasowa, ATS (antitoxin wina) 1500 IU, koma pokhala yochokera ku hatchi, thupi limatha kuikana, choncho mankhwala a adrenaline akhale pafupi. Masirinji awiri, malo obaya awiri.

MA wa ku Ntchisi:
Bwana, Td yekha sangakwanire? TIG kuno kulibe.

CO wa ku Zomba:
Kwa munthu amene sanabayidwepo, jakisoni woyamba sateteza bala la dzana. Thupi limachedwa kupanga chitetezo, pomwe kafumbata amayamba pakati pa masiku 3 ndi 21. Ndi antitoxin amene amagwira ntchito nthawi yomweyo. Bayani Td, lembani kalata, apite kuchipatala cha boma la kwanuko. Imbani kaye mufunse ngati alipo, bamboyo asawononge ndalama ya kabaza pachabe.

Wa ku pharmacy, Mchinji:
Za "Td ndi wa amayi a sikelo" zisakumangeni manja. Kabotolo ndi ka anthu 10, ndipo kakatsegulidwa kamatha kugwira ntchito mpaka masiku 28 ngati kasungidwa bwino mufiriji, VVM (kachizindikiro kosonyeza ngati katemera wawonongeka ndi kutentha) ili bwino ndipo mwalembapo tsiku. Mulembe m'kaundula kuti dozi yapita pa bala, mawerengero asadzakuvuteni pakutha pa mwezi.

HSA (mlangizi wa zaumoyo) wa ku Ntchisi:
Ine chimene chimandiwawa ndi abambofe. Mwana amalandira Penta, katemera wotetezanso ku kafumbata, pa masabata 6, 10 ndi 14. Mayi akatenga mimba timamusaka mpaka akwanitse majakisoni 5 a Td. Koma mwamuna akangochoka kumsana kwa amake, palibenso amamufunsa, chonsecho ndi iye ali ndi chikwanje m'manja ndi mapazi m'khola. Achimwene, nditumizireni dzina la mudzi kumbali. Ndikawakumbutsa Td wachiwiri pakatha masabata 4, wachitatu pakatha miyezi ina 6. Ndikalankhulanso ndi mayiwo za phulusalo, mwaulemu, paja anachita zimenezo pofuna kuthandiza.

Namwino wa ku Dedza:
Muwauzenso zoti aziyang'anira kunyumba. Nsagwada zikayamba kulimba, kukanika kuyasamula kapena kumeza nsima, khosi kuuma, asadikire kuti kuche. Ndipo odwala otero ambiri amayamba kaye apita kwa asing'anga poganiza kuti alodzedwa, ndiye muwauze pamene mayiwo alipo.

MA wa ku Ntchisi:
Ndatsuka, mwatulukadi kagalasi kofanana ndi njere ya mpunga. Td ndabaya, buku latsopano agula pageti ndalembamo masiku. Pakamwa akutsegula bwinobwino. Kuboma ayankha kuti ATS alipo, ndiye anyamuka ndi mphwawo panjinga yamoto. Anakana kaye, akuti mbuzi zitsala ndi ndani, mpaka akazi awo anati aziona okha.