Kodi mu Blantyre muno alipo oonetsa nyenyezi usiku?

Abale anga, ndithandizeni. Magetsi atazima Lachiwiri usiku kwathu ku Chilomoni, tinakhala pakhonde ndi mdzukulu wanga wa Sitandade 6, mlalang'amba uli mbee pamwamba pa phiri la Michiru. Mwana uja anandifunsa, "Agogo, Saturn ndi iti? Aphunzitsi akuti ili ndi mphete." Ine kukamwa yasa, paja ndimangodziwa nthanda basi.

Ndiye kodi kuno kuli gulu la okonda zakuthambo lomwe limasonkhana usiku n'kulola anthu wamba kusuzumira mu telesikopu? Amalipiritsa? Ana amaloledwa? Ndamva kuti ngakhale miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter imaoneka bwinobwino.

Nkhawa yanga ndi pobwerera usiku, galimoto ndilibe. Ndikufuna tipite msanga chiperoni chisanaphimbe kumwamba.