Vinyo woyera wa m'mphepete mwa nyanja zozizira, n'chifukwa chani amawawasa chonchi?

Nangozo:
Moni nonse akuluakulu. Alipo amene amamudziwa bwino vinyo woyera wa kumadera ozizira a m'mphepete mwa nyanja? Ndili ndi botolo la Albariño, pa lebulo palembedwa Rías Baixas, ndalawako pang'ono koma kuwawasa kwake eee, kafungo kake ka mandimu ndi mapichesi, ndiye ukameza pa lilime pamatsala kamchere. Ndi mmene amakhalira kapena wawonongeka? Nanga amayenda ndi chakudya chanji, ndikufuna ndimumve kukoma kwake osati kumangomeza basi.

Bambo_a_Tada:
Achemwali musamutaye, ali bwinobwino ameneyo. Albariño ndi dzina la mphesa yake, ndipo dera la Rías Baixas kumene imalimidwa lili ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa Spain, m'mphepete mwenimweni mwa nyanja ya Atlantic, ndipo mvula kumeneko imagwa yochuluka moti alimi ambiri mipesa yawo amaiyanga m'mwamba pa mizati ya miyala ya granite kuti mphepo izidutsa pansi, mphesa zisachite chuku. Nkhani yonse yagona pa kutentha. Mphesa zikamapsa pa dzuwa loswa mtengo shuga amachuluka msanga ndipo asidi amatha, vinyo wake amatuluka wolemera komanso waukali. Koma kumene kumawomba mphepo yozizira ya kunyanja mphesa zimapsa pang'onopang'ono, asidi uja amatsalamo, shuga sachuluka kwambiri, n'chifukwa chake mukaona pa botolo mupeza kuti mowa wake nthawi zambiri uli cha m'ma 12 peresenti osati 14 kapena 15 ngati mavinyo ambiri a kotentha. Kuwawasa mukukumvako ndiye moyo wake wa vinyoyo. Wowonongeka amanunkha viniga kapena katoni yonyowa, mukanadziwa musanamwe n'komwe.

MayiPhiri_wa_kukhitchini:
Za chakudyazo ndiyankhepo ine. Ganizirani zimene ndimu amachita mukamufinyira pa nsomba yootcha, ntchito ya vinyo ameneyu ndi yomweyo, amatsuka mafuta m'kamwa ndiye nthongo iliyonse imakoma ngati mwangoyamba kumene. Nsomba yootcha kapena yokazinga, nkhanu, ma prawn, saladi, tchizi cha mkaka wa mbuzi, nkhuku yophika mopepuka, zonsezi zimayenda. Eni ake ku Galicia amamwera octopus yowiritsa, yodula mapisi, yothira mafuta a olivi, mchere wa mibulu ndi paprika, basi popanda zambirimbiri. Mchere wa m'chakudya umachepetsa kuwawasa kuja, zipatso zija n'kuyamba kumveka bwino, ndiye mukamumwa yekha m'mimba mulibe kanthu simungamuweruze bwino ayi. Chimene sindingakulangizeni ndi nyama ya ng'ombe ya supu wolemera, vinyoyo amangosowa osamvekanso, komanso zotsekemera ngati keke zimamuwawasitsa koopsa. Tsabola wambiri nayenso samalani naye.

Chisale77:
A Bambo a Tada afotokoza bwino, ine ndingowonjezera kuti si Spain yokha. Ku France pafupi ndi mzinda wa Nantes, kumene mtsinje wa Loire ukathira m'nyanja, kuli Muscadet, mphesa yake ndi Melon de Bourgogne. Mukaona mawu akuti sur lie pa botolo ndiye kuti vinyoyo anamusiya agone pa masese a yisiti nyengo yonse yozizira asanamuthire m'mabotolo, zimamupatsa kathupi pang'ono, ndipo ndi ma oyster aawisi ine sindinaonepo womuposa. Kumpoto kwa Portugal kuli Vinho Verde, wopepuka, nthawi zina wokhala ndi katovu pang'ono. Komanso malo ena ukangowayang'ana pa mapu ungati ndi otentha koma madzi a m'nyanja ndi amene amawaziziritsa, ku Chile chigwa cha Casablanca chimalandira chifunga chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanja otchedwa Humboldt, ku South Africa nakonso madzi ozizira otere otchedwa Benguela ndi mphepo ya kunyanja zimathandiza minda ya ku Cape, vinyo woyera wa mphesa ya Sauvignon Blanc wa ku madera a Elim kapena Constantia ku Cape komweko amatuluka wakuthwa bwino zedi. Za kamchere kaja anthu amakonda kunena kuti ndi mchere wa m'nyanja wouluka ndi mphepo, ine pamenepo ndimaona kuti mbali yaikulu ndi asidi uja ndi kusowa kwa shuga zimene zimakutulutsa malovu m'kamwa.

Nangozo:
Zikomo kwambiri nonse, ndamva. Nanga kuzizira kwake, ndimutulutse mu furiji n'kuthira pompo?

MayiPhiri_wa_kukhitchini:
Ayi achemwali, akazizira mopitirira fungo lonse limabisala, mumangomva kuwawasa kokhakokha. Amafunika madigiri 8 mpaka 10, ndiye mutulutseni adikire kaye patebulo mukamamaliza kuotcha nsomba, ndipo muzithira pang'onopang'ono m'galasi kuti asafunde. Wotsalayo mutseke bwino mubwezere mu furiji, koma asakhalitse, masiku awiri kapena atatu akhale atatha.