Concussion (kugwedezeka kwa ubongo) ndi mild TBI (kuvulala pang'ono kwa ubongo): malire ali pati?

Anzathu a zaumoyo kuno ku Salima, tithandizeni nzeru. Tiyerekeze wakabaza wagwa pamsewu wa M5 wopanda chipewa, wakomoka mphindi ziwiri. Akuyankhula, koma sakukumbukira momwe wagwera. GCS (muyeso wa momwe wodwala watsitsimukira, womwe umathera pa 15) ili pa 14.

Papepala ndi mild TBI: GCS 13 mpaka 15, kukomoka kosapitirira mphindi 30, kuiwala kosadutsa maola 24. Ambiri timangolemba kuti concussion, chonsecho ena mwa odwala otere magazi amakhala akukha mkati mwa chigaza, ndipo CT (makina ojambula mkati mwa mutu) yoti itsimikize timaitsata ku Lilongwe.

Akamasanza mobwerezabwereza, kusinza kosadzutsika, kapena mboni ya diso limodzi ikakula, timatumiza osazengereza. Nanga wopanda zizindikirozi mumamuyang'anira maola angati musanamutulutse ndi panado? Asipirini ayi, amawonjezera kukha magazi.