Kodi ntchembere zinalowa bwanji m'dzina la mbozi?

aTembo, Chadiza:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mawu oti ntchemberezandonda amatanthauza chiyani kwenikweni? Nanga ndi mbozi zomwezi zimene zikubisala mumtima mwa chimanga masiku ano?

aJere, Chipata:
Ndi mawu awiri, aTembo. Ntchembere ndi amayi amene anabereka kale, zandonda ndi kufupikitsa zandilonda, ndiye kuti zanditsata. Ine ndimati dzinali likunena kayendedwe kake, chifukwa mbozizi zimadutsa chigulu motsatizana ngati amayi opita kumaliro. Ena amati ndi mboziyo ikudandaula kuti amayi ailonda kumunda. Kumasulira koyambako ndiko kumandigwira mtima.

aPhiri, Katete:
Dzinalo n'la mbozi yakale, yakuda ija. Imabuka mvula ikagwa pambuyo pa ng'amba, imadya poyera udzu, mapira ndi chimanga, ikamaliza n'kusamukira munda wina. Ngalande yokumba m'malire imaigwira. Yobisala mumtimayi kwawo n'ku America, inafika ku Zambia kumapeto kwa 2016 n'kungolowa dzina la mnzake. Apa ndi pamene anthu amataya mankhwala, amapopera pamwamba pa masamba pomwe mbozi ili phee mkati, itadziphimba ndi ndowe zake zonga utuchi.

Muizindikire ndi chizindikiro chonga Y wozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda chakumchira. Mayi wake ndi gulugufe wouluka usiku, amaikira mazira 100 mpaka 200 pamalo amodzi, okutidwa ndi tiubweya totuwa. Kukatentha amaswa pa masiku 2 kapena 3. Mbozi imadya kwa milungu iwiri kapena itatu, kenako imalowa m'dothi, ndipo pomatha mwezi gulugufe wina watuluka. Zikakula zimadyana zokhazokha, n'chifukwa chake mumapezamo imodzi kapena ziwiri basi.

aNaBanda, Petauke:
Kuwonjezera pa aPhiri, yenderani munda kawiri pamlungu chimanga chikangomera. Imani malo 5 otalikirana, muone mapesi 10 pamalo aliwonse. Mazira aphwanyeni ndi zala. Mwa mapesi 50 amenewo, 10 akapezeka ndi masamba opalidwa kumene, nthawi yopopera yakwana. Poperani m'mamawa kapena madzulo, kulunjika mumtima, mbozi zikadali zazing'ono. Ikalowa m'chisononkho mankhwala saifikanso. Pamunda waung'ono, phulusa kapena mchenga wotsina ndi zala n'kuthira mumtima zimathandiza.

aTembo, Chadiza:
Zikomo amayi. Nanga kapuchi si yemweyu?

aPhiri, Katete:
Ayi. Kapuchi amaboola phesi n'kukhala mkati mwake, mukaling'amba mupeza njira yake.